Chimbale cha American Idiot: Kodi Green Day inasiyadi punk mu 2004?

Wowerenga wina wafunsa kuti: "Ndinayamba kumvera gulu la Green Day kudzera mu chimbale cha American Idiot, ndipo posachedwapa ndamvera zimbale zawo zakale, makamaka Dookie. Zikumveka ngati magulu awiri osiyana. Anzanga ena akuti chimbale cha 2004 chija ndi chomwe chimatchedwa concept album, pomwe ena akuti apo ndi pamene gululi linataya punk n'kuyamba kusaka ndalama. Kodi chinasintha kwenikweni n'chiyani, nanga chinachititsa n'chiyani?"

Makutu anu sanakunamizeni, kusiyana kulipo ndithu, koma sikuli pamene anthu ambiri amaloza. Mukamvera nyimbo yoyamba ya chimbalechi, yomwe dzina lake ndi lomwelo la chimbale, kenako n'kumvera nyimbo ina iliyonse ya mu Dookie, mupeza kuti kalizidwe ka gitala ka Billie Joe Armstrong, kathamangidwe ka gitala ya besi ya Mike Dirnt ndi kamenyedwe ka ng'oma ka Tré Cool sizinasunthe kwenikweni. Nyimboyo ndi yaliwiro monga zimakhalira nyimbo za punk, chamba cha rock cha nyimbo zazifupi ndi zaukali, sikwana ngakhale mphindi zitatu, ndipo ikanatha kulowa mu chimbale chawo chilichonse cha zaka za m'ma 1990 popanda wina kudabwa. Zomwe zinasintha ndi ziwiri: kamangidwe ka nyimbo, komanso munthu amene akulankhula m'nyimbozo. Zinthu ziwirizi n'zolumikizana, ndipo kuti timvetse chifukwa chake gululi linazifuna, tiyenera kuona kumene linali litafika chimbalechi chisanatuluke.

Green Day inakulira m'dera la East Bay ku California, ndipo sukulu yake yeniyeni inali malo oyimbira a 924 Gilman Street mu mzinda wa Berkeley, malo oyendetsedwa ndi achinyamata ongodzipereka, amene mwa malamulo awo sankalola magulu osainirana mgwirizano ndi makampani akuluakulu a nyimbo. Zimbale ziwiri zoyambirira zinatuluka ku kampani yaing'ono ya Lookout! Records. Gululi litapita ku Reprise Records n'kutulutsa Dookie mu Febuluwale 1994, chimbalecho chinagulidwa makope opitirira 10 miliyoni ku America kokha, ndipo khomo la Gilman linatsekedwa kwa iwo. Choncho mlandu womwe anzanu akuimba gululi, woti linagulitsa punk, si wa 2004 ayi. Unayamba zaka khumi m'mbuyo mwake, ndipo chodabwitsa n'chakuti chimbale chomwe chinayambitsa mlanduwo ndi Dookie yomweyo imene lero ikutengedwa ngati chitsanzo cha punk yosasukuluka.

Nyimbo za Dookie zinali za mnyamata wotopa ndi kukhala chabe, wokhala pakhomo tsiku lonse, wodandaula za mantha ake, za atsikana ndi za kusowa chochita. Zinkayenda njira imodzi: vesi, kolasi, vesi, kolasi, basi nyimbo yatha. Njira imeneyi ndi yamphamvu, koma ili ndi malire, ndipo munthu akafika zaka 30 ali ndi mkazi ndi ana, kuyimbabe ngati mnyamata wa zaka 19 kumayamba kumveka ngati sewero. Gululi linazindikira zimenezi msanga. Mu Nimrod, ya 1997, munalowa malipenga, vayolini, nyimbo ina yopanda mawu, komanso nyimbo yodekha ya gitala yopanda magetsi, Good Riddance, yomwe inadzakhala imodzi mwa nyimbo zawo zodziwika kwambiri. Mu Warning, ya 2000, gitala yopanda magetsi inatenga malo aakulu, munamveka akodiyoni, ndipo mawu anayamba kukhudza za chikhalidwe cha anthu ndi ufulu wa munthu woganiza payekha. Ndikutchula zimenezi chifukwa anthu amakonda kunena za American Idiot ngati kuti inagwa kuchokera kumwamba, chonsecho pafupifupi chida chilichonse chomwe chili mmenemo gululi linali litachiyesa kale. Chimene linalibe chinali chifukwa chomangira zonsezo pamodzi, ndipo n'chifukwa chake Nimrod, ngakhale ili ndi nyimbo zabwino, imamveka ngati mulu wa zoyeserera.

Warning sinagulidwe monga zinzake. Mu 2001 kunatuluka chimbale chosonkhanitsa nyimbo zawo zotchuka, chomwe kawirikawiri chimakhala chizindikiro choti gulu layamba kudyera zakale, ndipo mu 2002 anayenda ulendo wa mapwando a mayimbidwe limodzi ndi Blink-182, gulu lomwe linatchuka pambuyo pawo potsata njira yomwe iwo analambula, koma Green Day ndiyo inkayamba kukwera pa nsanja ngati yotsegulira anzawowo. Ubale wa anthu atatuwa nawonso unali utazilala, moti anayamba kumakhala pansi nthawi ndi nthawi kuti akambirane zomwe zinkawasowetsa mtendere. Kenako mu 2003 anajambula chimbale chotchedwa Cigarettes and Valentines, ndipo malinga ndi zomwe gululi linanena, matepi ake anabedwa mu situdiyo. Akanatha kujambulanso nyimbo zomwezo, popeza anali kuzidziwa, koma iwo pamodzi ndi wojambula nyimbo wawo, Rob Cavallo, yemwenso anajambula Dookie, anavomerezana kuti ntchitoyo sinali yopambana yomwe akanatha kuchita, ndipo anayambanso pachiyambi. Pa nkhani yonseyi, kubedwa kwa matepi n'kumene kumakoka anthu, koma mfundo yofunika ndi chisankho chosabwereza. Gulu lofuna ndalama zachangu likanatulutsa nyimbo zomwe zinali zokonzeka kale.

Njira yatsopano inatseguka mwa masewera. Tsiku lina Mike Dirnt ali yekha mu situdiyo anajambula kanyimbo ka masekondi pafupifupi 30. Anzake atakamva, aliyense anafuna kumuposa, ndipo anayamba kuwonjezera tizidutswa tawo, kamodzi pambuyo pa kanzake, mpaka tizidutswato tinalumikizana n'kukhala nyimbo yaitali. Umu ndi mmene munachokera Homecoming, nyimbo ya mphindi zopitirira 9 yokhala ndi zigawo zisanu, momwe Dirnt ndi Tré Cool aliyense amayimba chigawo chake. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse ya kusintha kwa mayimbidwe. Gululi silinaphunzire kuyimba nyimbo zazitali monga amachitira magulu a rock a zaka za m'ma 1970, amene ankatambasula nyimbo ndi gitala yolira yokha kwa mphindi zambiri. Linapeza kuti likhoza kusunga luso lake la nyimbo zazifupi zolasa, n'kumazisokerera pamodzi mwakuti iliyonse imatha isanayambe kutopetsa.

Jesus of Suburbia, yomwe ndi nyimbo yachiwiri pa chimbalechi, imaonetsa luso limeneli bwino kuposa ina iliyonse, ndipo ndikukulimbikitsani kuti muimvere muli ndi wotchi. Nayonso ndi ya mphindi zopitirira 9 ndipo ili ndi zigawo zisanu, chilichonse ndi dzina lake. Chigawo choyamba n'chodzitama, mnyamata akudzifotokoza yekha ndi mawu otukumuka. Chachiwiri chimatsika, mumalowa piyano ndi gitala yopanda magetsi, ndipo mnyamatayo akuyang'ana dera lakwawo n'kuona kuti mulibe moyo. Chachitatu ndi mkwiyo weniweni, chaliwiro ndi chofuula. Chachinayi chimapepuka mwadzidzidzi, ngati nyimbo yovinira, pomwe mawu ake akufunsa ngati vuto lili mwa iye mwini. Chachisanu ndi chothawa pakhomo. Palibe chigawo chomwe chimabwereranso, kutanthauza kuti womvera sangadalire kolasi yomwe waiphunzira kale kuti imugwire dzanja. Akuyenera kupita chitsogolo limodzi ndi nkhaniyo. Chigawo chilichonse pachokha ndi Green Day yakale ija, koma kuziika mu mndandanda wotere kumachititsa kuti maganizo a munthu asinthe nyimbo ili mkati, chinthu chomwe nyimbo ya vesi ndi kolasi singachite mosavuta.

Njira imeneyi si Green Day inayambitsa, ndipo iwo eni sanabise kumene anaitenga. Mu 1966 gulu la ku Britain la The Who linatulutsa nyimbo ya mphindi 9 yotchedwa A Quick One, While He's Away, yomwe Pete Townshend anaimanga ndi tizidutswa tisanu ndi kamodzi, ndipo kuchokera pamenepo gululo linadzafika pa Tommy mu 1969 ndi Quadrophenia mu 1973, zimbale zomwe nyimbo zake zonse zimafotokoza nkhani ya mnyamata mmodzi. Ngakhale mkati mwa punk momwemo munali kale chitsanzo. Mu 1984 gulu la Hüsker Dü la ku Minnesota linatulutsa Zen Arcade, chimbale chachitali chonena za mnyamata wothawa pakhomo posasangalatsa n'kukapeza kuti kunja nakonso n'kowawa. Nkhani imeneyi ikufanana kwambiri ndi ya American Idiot, ndipo palibe munthu wodziwa mbiri ya chamba chimenechi amene anganene kuti Hüsker Dü sinali punk. Choncho mfundo yoti chimbale chofotokoza nkhani n'chosemphana ndi punk ilibe maziko olimba, ngakhale n'zoona kuti punk ya 1976 ndi 1977 inabadwa mbali ina pofuna kutsutsa kudzikuza kwa magulu oyimba nyimbo zosatha.

Tsopano tibwere ku nkhani ya chimbalechi, popeza ndi imene imachichititsa kutchedwa dzina lomwe anzanu anatchula lija, la concept album. Chimbale chotere ndi chija chimene nyimbo zake zimamangidwa pa nkhani kapena mutu umodzi, mwakuti ndondomeko yake ili ndi tanthauzo ndipo kuisokoneza kumawononga china chake. Mu American Idiot muli nyimbo 13, ndipo zikutsata mnyamata wotchedwa Jesus of Suburbia, wokulira m'madera a nyumba zofanana a m'mphepete mwa mizinda ya America, woleredwa ndi wailesi ya kanema ndi banja losweka. Amathawira mu mzinda, amasangalala kwa kanthawi, kenako amadzipeza ali yekhayekha. Kumeneko amakumana ndi St. Jimmy, munthu wachiwawa wokonda mankhwala ozunguza bongo, yemwe pambuyo pake zimadziwika kuti ndi mbali ina ya mnyamata yemweyo, komanso mtsikana wotchedwa Whatsername, amene kuukira kwake n'kochokera pansi pa mtima osati kodzionetsera. Mtsikanayo amamusiya atamulembera kalata yomuuza zoona, St. Jimmy amadzipha, ndipo mnyamatayo amabwerera kwawo n'kukhala moyo wamba womwe ankauthawa, mpaka amaiwala dzina la mtsikana uja. Kabuku ka mkati mwa chimbale kanalembedwa ngati buku la zochitika za tsiku ndi tsiku, mawu a nyimbo ali ndi madeti, kuti womvera athe kutsata nthawi.

Kunena zoona, nkhaniyi payokha si yolimba kwambiri. Pakati pa chimbale ulusi wake umatayika, ndipo munthu amene sanawerenge kabukuko kapena kumva ena akufotokoza sangadziwe msanga kuti St. Jimmy ndi Jesus of Suburbia ndi munthu mmodzi. Nyimbo ya Wake Me Up When September Ends siili m'nkhaniyi n'komwe. Armstrong anailemba pokumbukira bambo ake, amene anamwalira ndi matenda a khansa mu Seputembala 1982 iye ali ndi zaka 10, ndipo tanthauzo la nkhondo lomwe ambiri amaipatsa linachokera mu kanema wake, yemwe Samuel Bayer anajambula, woonetsa mnyamata akusiya bwenzi lake n'kulowa usilikali. Koma kufooka kwa nkhaniyi sikuchotsa ntchito yomwe inagwira. Phindu lake lalikulu linali kwa wolemba, osati kwa womvera. Pokhala ndi anthu atatu oti aziwalankhulira, Armstrong, yemwe anali ndi zaka 32, anamasuka ku vuto lomwe ndatchula poyamba lija. Akanatha kuyimba mkwiyo wa unyamata popanda kunamizira kuti iye akadali mnyamata, chifukwa wolankhulayo ndi Jesus of Suburbia. Akanatha kuyimba punk yolusa kwambiri mu nyimbo ya St. Jimmy, n'kutembenukira ku nyimbo yodekha mphindi yotsatira, popanda chimbale kumveka chobalalika ngati Nimrod, chifukwa kusintha kulikonse kwa mayimbidwe kunali ndi chifukwa chake m'nkhani.

Mungazimve bwino zimenezi pa malo olumikizirana nyimbo. Holiday, nyimbo yamphamvu yotsutsa nkhondo, imatha ndi kulira kwa gitala komwe kumalowa mwachindunji mu Boulevard of Broken Dreams, yomwe ndi yapang'onopang'ono ndiponso ya kusungulumwa, ndipo ziwirizi zimamveka ngati usiku wa chisangalalo ndi m'mawa wake. Are We the Waiting, ya ng'oma zolemera ndi mawu a anthu ambiri oyimbira limodzi, imathera mu St. Jimmy, yomwe ndi yothamanga kuposa zonse. Mukamvera nyimbozi mosakaniza, monga mmene mafoni amachitira masiku ano, theka la luso la chimbalechi limatayika.

Mbali ina ya kusinthaku ndi ya ndale, ndipo iyi siingalekanitsidwe ndi nthawi yomwe chimbalechi chinatuluka. America inali itadutsa m'ziwembu za zigawenga za pa 11 Seputembala 2001, inali italowa mu Iraq mu Malichi 2003, ndipo chimbalechi chinafika m'masitolo mu Seputembala 2004, patatsala milungu yochepa kuti pa 2 Novembala kuchitike chisankho chomwe George W. Bush anapambananso. Kutsutsa nkhondoyo poyera sikunali kopanda ngozi kwa woyimba. Mu 2003, gulu la amayi la Dixie Chicks linachotsedwa pa mawailesi ambiri a nyimbo za country chifukwa cha mawu amene mmodzi wa iwo ananena ku London onyoza Bush. Komabe n'koyenera kuzindikira kuti nyimbo zandale zenizeni mu American Idiot ndi ziwiri zokha, yoyamba ija ndi Holiday. Yoyambayo kwenikweni ikudzudzula mawailesi a kanema ofalitsa mantha ndiponso anthu omeza chilichonse chomwe auzidwa. Nyimbo zotsalazo zikunena za mmene zimakhalira kukula m'dziko lotero, ndipo ndikuona kuti n'chifukwa chake chimbalechi sichinakalambe limodzi ndi chisankho cha 2004, monga zinachitira nyimbo zambiri zotsutsa boma za nthawi imeneyo.

Pali mbali imodzi yomwe anzanu otsutsa akunena zoona, ndipo sindingaibise. Kajambulidwe ka chimbalechi, komwe mbali yaikulu kanachitikira ku situdiyo ya Ocean Way ku Hollywood, n'kosalala ndiponso kokulitsidwa dala. Magitala anaunjikidwa ambirimbiri, ng'oma zinapatsidwa mawu odzaza bwalo, ndipo nyimbo ngati Boulevard of Broken Dreams inapangidwa kuti anthu masauzande ayimbire limodzi, osati kuti achinyamata mazana awiri agundane m'kachipinda. Maonekedwe a gululi nawonso anakonzedwa mwadongosolo: malaya akuda, tayi yofiira, zodzola zakuda m'maso, ndi chithunzi cha pachikuto chomwe Chris Bilheimer anajambula, cha dzanja logwira bomba looneka ngati mtima. Ngati punk kwa munthu ikutanthauza kujambula motchipa, kuyimba m'malo aang'ono ndi kukana makampani akuluakulu, ndiye kuti American Idiot si punk, koma pa muyeso umenewo Dookie nayonso si punk. Ngati ikutanthauza kalizidwe ka zida ndi kulimba mtima kunena zomwe olamulira sakufuna kumva, ndiye kuti chimbale cha 2004 chili ndi zambiri za mbali yachiwiriyo kuposa cha 1994, chomwe sichinkasamala za boma n'komwe.

Nanga za ndalama? Zinabwera, ndipo zambiri. Chimbalechi chinali choyamba cha gululi kufika pa nambala 1 pa Billboard 200, mndandanda wa zimbale zogulidwa kwambiri ku America, chinafikanso pa nambala 1 ku Britain, chinapata mphoto ya Grammy ya chimbale chopambana cha rock mu 2005, ndipo Boulevard of Broken Dreams inapata Grammy ya nyimbo yojambulidwa bwino koposa mu 2006. Mu Juni 2005 gululi linayimba masiku awiri ku bwalo la National Bowl ku Milton Keynes, ku England, pamaso pa anthu pafupifupi 130,000 onse pamodzi. Koma kuweruza cholinga poona zotsatira n'kulakwitsa. Mu 2003, munthu wofuna kupulumutsa gulu lomwe malonda ake akutsika sakanalangiza nyimbo ziwiri za mphindi 9, nkhani ya munthu wa maina awiri, ndi kudzudzula mtsogoleri wa dziko pa nthawi ya nkhondo. Njira yotetezeka inali kubwereza Dookie, popeza magulu ang'onoang'ono omwe ankatsanzira mayimbidwe amenewo ankagulitsa bwino pa nthawiyo.

Zomwe zinatsatira zikuthandizanso kuyeza chimbalechi. Michael Mayer anachisandutsa sewero la nyimbo lomwe linayamba kuonetsedwa ku Berkeley Repertory Theatre mu 2009, n'kufika ku Broadway, dera la masewero akuluakulu ku New York, mu Epulo 2010, komwe linapata mphoto ziwiri za masewero zotchedwa Tony. Kuti nkhaniyo iyime pa nsanja, anafunika kuwonjezera anyamata ena awiri, wina wotsala pakhomo ndi wina wopita kunkhondo, zomwe zikutsimikizira kuti nkhani ya mu chimbale inali yopyapyala. Gululi linayesanso njira yomweyo mu 21st Century Breakdown ya 2009, yojambulidwa ndi Butch Vig, yogawidwa m'magawo atatu ndipo yotsata anthu awiri otchedwa Christian ndi Gloria. Nayonso inapata Grammy, koma kwa ine ndi yolemera mopitirira, chifukwa nthawi imeneyi gululi linayamba ndi cholinga chopanga chinthu chachikulu, pomwe mu American Idiot ukuluwo unaphuka kuchokera ku tizidutswa ta masekondi 30. Pofika 2012 anali atabwerera ku nyimbo zazifupi zopanda nkhani yozimanga, m'zimbale zitatu zomwe anatulutsa motsatizana m'miyezi yochepa, ndipo mu Meyi 2015, chaka chomwe analowetsedwa mu Rock and Roll Hall of Fame, mndandanda wolemekeza akatswiri a nyimbo za rock, eni malo a Gilman anawalola kukayimbanso kumeneko pa phwando lothandiza anthu ovutika ndi ngozi ya moto.